Mmene Mungaphunzirire Chisipanishi pa Yunivesite Kwinaku Mukutumikira Anthu Olankhula Chinenerochi

M'mayunivesite ambiri a ku United States wophunzira sangalandire digiri asanaphunzireko chinenero china kuwonjezera pa Chingerezi, ndipo chimene ophunzira ochuluka amasankha ndi Chisipanishi. Anthu oposa 40 miliyoni m'dzikolo amalankhula Chisipanishi kunyumba kwawo, ndipo kalembera wa mu 2020 anapeza anthu pafupifupi 62 miliyoni amene amadzitchula kuti ndi Hispanic kapena Latino, kutanthauza kuti iwo eni kapena makolo awo anachokera ku Mexico, Puerto Rico, El Salvador, Cuba, Guatemala ndi madera ena otero. Ena mwa makalasi a oyamba kumene ali ndi mbali imene amaitcha service-learning, pamene wophunzira amapatula maola angapo pa semesita n'kukagwira ntchito yongodzipereka pakati pa anthu olankhula chinenerocho, ndipo zimene waphunzira kumeneko zimalowa m'malikisi ake. Kaphunzitsidwe kameneka kanafala kuyambira m'zaka za m'ma 1980, makamaka bungwe la Campus Compact, lolimbikitsa mayunivesite kutumikira anthu a m'madera awo, litakhazikitsidwa mu 1985. Mwachitsanzo, ku South Bend m'chigawo cha Indiana, kumene kumakhalanso Amalawi ambiri ndithu, kuli bungwe la La Casa de Amistad lomwe linayamba mu 1973, ndipo ophunzira Chisipanishi a ku University of Notre Dame akhala akupita kumeneko kukathandiza ana ndi mabanja.

Malangizo awa ndalembera wolankhula Chichewa amene akufuna kulowa kalasi yotere. Mabuku onse amene mudzapatsidwa analembedwera munthu woganiza m'Chingerezi, ndipo amataya masamba ambiri kufotokoza zinthu zimene inu mukuzidziwa kale kuchokera m'chinenero chanu, kwinaku akudumpha zimene zidzakupunthwitseni inuyo.

Musanalembetse

Pemphani silabasi kwa mphunzitsi kapena ku ofesi ya dipatimenti, ndipo muiwerenge yonse. Onetsetsani kuti kalasiyo ndi ya munthu amene sadziwa kalikonse, chifukwa makalasi ena otchedwa a oyamba amadzaza ndi ophunzira amene anaphunzirapo kale Chisipanishi ku sekondale, ndipo liwiro lake limakhala la iwowo. Muonenso kuchuluka kwa maola a utumiki, masiku amene malowo amatsegula, ndiponso mmene mudzafikire kumeneko. Nkhani ya mayendedwe ndi imene imagwetsa ophunzira ambiri ochokera kunja, pakuti alibe galimoto ndipo basi ya m'mizinda yaing'ono imasiya kuyenda msanga, makamaka nyengo yozizira kukamada mofulumira.

Ngati muli pa viza ya ophunzira ya F-1, pitani ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja mukawauze za utumikiwo musanayambe. Ntchito yongodzipereka yeniyeni pa bungwe losapanga phindu kawirikawiri siivuta, koma malamulo a viza imeneyi pa nkhani ya ntchito ndi okhwima, ndipo safunsa anadya phula. Malo osamalira ana amafufuzanso mbiri ya munthu asanamulole kuyamba, zimene zingatenge masabata angapo, choncho lembani mafomu ake sabata yoyamba yomweyo.

Masabata awiri oyambirira: pakamwa

Yambani ndi katchulidwe, ndipo muyambire pa Chichewa osati pa Chingerezi. Chisipanishi chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo amamveka mofanana ndi a Chichewa nthawi zonse. Mawu monga casa, mesa, camino ndi luna mukawawerenga ngati mukuwerenga Chichewa, mwawatchula bwino kuposa anzanu a ku America amene lilime lawo linazolowera kupinda malembo amenewa. Malembo p, t ndi c yomveka ngati k amatuluka opanda mpweya, monga mu pita, tola ndi kama, osati monga mu phala, thumba ndi khasu. Lembo ñ ndi ny wa mu nyama, choncho niño ndi mañana sizingakuvuteni, ndipo ch wa mu leche ndi yemweyo wa mu chala. Malembo b ndi v amamveka chimodzimodzi, ndipo akakhala pakati pa malembo a liwu, monga mu lobo ndi uva, amafewa n'kumamveka pafupifupi ngati ŵ wa mu Malaŵi. Zofunika kuloweza ndi zochepa: h samveka konse, moti hola amatchulidwa ola, j amachokera kummero ngati h wokhakhala, ll amamveka ngati y kwa olankhula ambiri, que ndi qui ndi ke ndi ki, ndipo z ndi s wamba kwa anthu a ku Latin America, amene ndiwo mudzakumane nawo.

Vuto lanu lalikulu lidzakhala l ndi r. M'Chichewa malembo awiriwa sasintha tanthauzo la mawu, ndipo lamulo la kalembedwe limangoti r abwere pambuyo pa e ndi i. M'Chisipanishi pelo ndi tsitsi, pero ndi koma, ndipo perro ndi galu; caro ndi chinthu chodula pamene carro ndi galimoto. Potchula l nsonga ya lilime imakhazikika kuseri kwa mano akumwamba mpweya n'kumadutsa m'mbali, potchula r mmodzi lilime limangogunda kamodzi n'kuchoka, ndipo potchula rr, kapena r wa kumayambiriro kwa mawu, limanjenjemera. Tengani mawu atatu aja, muwajambule pa foni mukuwatchula motsatizana, mumvetsere, ndipo muzichita zimenezi mphindi zisanu tsiku lililonse mpaka khutu lanu litayamba kumva kusiyana kwake, chifukwa pakamwa sipangakonze chimene khutu silikumva.

Chizolowezi china chofunika kuchigonjetsa ndi chowonjezera lembo la liwu pamene palibe, chomwe chinatipatsa sukulu ndi buledi. Mukalekerera, tres adzasanduka teresi ndipo papel adzasanduka papelo. Koma musathawe vutoli pomeza lembo lomaliza, pakuti s wa kumapeto ndi amene amasiyanitsa chimodzi ndi zambiri, ndiponso habla ndi hablas. Pomaliza pali kutsindika. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo mawu a Chisipanishi othera ndi lembo la liwu, n kapena s amachitanso chimodzimodzi. Mawu othera ndi malembo ena, monga hablar ndi ciudad, amatsindika phatikizo lomaliza, ndipo kachizindikiro kapamwamba kakaoneka, ndiko kamalamula. Hablo ndi ndimalankhula pamene habló ndi analankhula, ndipo papá ndi bambo pamene papa ndi mbatatesi.

Galamala: lembani Chichewa m'mphepete mwa buku

M'kope lanu gawani tsamba pawiri, Chisipanishi mbali imodzi ndi Chichewa mbali inayo, ndipo Chingerezi muchisiyire mayeso. Mudzaona msanga kuti zinenero ziwirizi zimayendera limodzi m'malo ambiri. Mneni wa Chisipanishi amanyamula yekha mwininkhani monga wa Chichewa, kungoti chizindikiro chake chili kumapeto: hablo, hablas, habla, hablamos, hablan ndi ndimalankhula, umalankhula, amalankhula, timalankhula, amalankhula. N'chifukwa chake yo, kutanthauza ine, satchulidwa pokhapokha pofuna kutsindika, monga ife sitinena kuti ine ndimalankhula popanda chifukwa. Mfotokozi amabwera pambuyo pa dzina ndipo amagwirizana nalo: casa grande ndi nyumba yaikulu, niños pequeños ndi ana aang'ono. Mayina onse ali m'magulu awiri, la el ndi la la, ndipo munthu amene anakula ndi magulu a mayina ochuluka a Chichewa sayenera kuopa awiri okha. Chofunika ndi kuloweza dzina lililonse pamodzi ndi el kapena la wake, chifukwa lamulo lakuti othera ndi o ndi a el ndipo othera ndi a ndi a la limasweka pa mawu a tsiku ndi tsiku monga el día, el problema ndi la mano.

Mutu umene umaliza ophunzira a Chingerezi ndi wa ser ndi estar, aneni awiri amene kwa iwo ndi mmodzi. Kwa inu ser ndi ndine, ndiwe, ndi, pamene estar ndi ndili, uli, ali. Soy estudiante ndi ndine wophunzira, es alto ndi ndi wamtali, estoy bien ndi ndili bwino, ndipo está en la casa ndi ali m'nyumba. Kufanana kumeneku sikufika paliponse, mwachitsanzo malo ochitikira msonkhano kapena phwando amatenga ser, koma kudzakuolotsani pa mafunso ambiri a mayeso oyamba. Chimodzimodzi tener, amene ndi kukhala ndi: tengo hambre ndi ndili ndi njala, tengo sed ndi ndili ndi ludzu, tengo 20 años ndi ndili ndi zaka 20. Ngakhale me gusta, amene mabuku amamuzungulira masamba atatu, ndi chimandisangalatsa basi, ndipo n'chifukwa chake mneniyo amasintha zinthuzo zikachuluka, monga mu me gustan los mangos. Mlowam'malo wa wochitiridwa amabweranso patsogolo pa tsinde la mneni monga kwathu: te veo ndi ndikukuona.

Mawu ena mudzawazindikira chifukwa Chichewa chinabwereka ku Chipwitikizi, chomwe ndi chibale wa Chisipanishi: zapato ndi nsapato, carta ndi kalata, vino ndi vinyo, capitán ndi kapitawo. Amene anakulira ku Tete kapena ku Angónia ndipo amadziwa Chipwitikizi adzathamanga kwambiri powerenga, koma asamale ndi mawu ofanana maonekedwe okha, monga vassoura amene ndi tsache ku Mozambique pamene basura m'Chisipanishi ndi zinyalala. Zimene Chichewa sichingakuthandizeni ndi aneni osatsata lamulo. Ser, estar, tener, ir (kupita), hacer (kuchita), querer (kufuna) ndi poder (kutha kuchita) ayenera kungolowezedwa monga mmene tinkalowezera matebulo a masamu ku pulayimale, ndipo ndi bwino kuti akhale atakhazikika m'mutu musanapite ku utumiki kachitatu.

Kusankha malo otumikirako

Kawirikawiri mphunzitsi amapereka malo angapo: kothandiza ana homuweki akaweruka kusukulu, kogawa chakudya kwa mabanja, kalasi ya Chingerezi ya akuluakulu, laibulale kapena dimba la anthu a m'dera. Sankhani poganizira Chisipanishi chimene muli nacho lero, osati chimene mukuyembekeza kudzakhala nacho kumapeto kwa semesita. Ophunzira ambiri amathamangira kwa ana poganiza kuti kumeneko n'kosavuta, koma ana obadwira kapena okulira ku United States amalankhula Chingerezi kuposa inu, ndipo Chisipanishi mudzangochimva mphindi zochepa makolo akabwera kudzawatenga. Kogawa chakudya mawu ake ndi ochepa ndipo amabwerezedwa kambirimbiri tsiku limodzi, zomwe n'zabwino kwa woyamba. M'kuona kwanga, malo opindulitsa koposa ndi kalasi ya Chingerezi ya akuluakulu, chifukwa nonse mumakhala ophunzira, nonse mumalakwitsa, ndipo mayi amene mwamukonza Chingerezi chake amamasuka kukukonzani Chisipanishi chanu. Ndiponso inu, amene Chingerezi munachita kuphunzira m'kalasi, mumadziwa pamene chimapweteka kuposa mwini chinenerocho.

Mukasankha, khalani pa tsiku limodzi ndi ola limodzi sabata iliyonse. Ngati mwapatsidwa maola 20, kupita maola awiri kwa masabata khumi kumaposa kutali kuwaunjika m'masiku atatu kumapeto kwa semesita, pakuti anthu amayamba kulankhula momasuka ndi nkhope imene aizolowera.

Mawu oti mupite nawo

Buku la m'kalasi limaphunzitsa mitundu ya zovala ndi zipinda za nyumba, koma utumiki umafuna mawu ena amene muyenera kudzikonzera nokha. Lembani pa kakhadi kolowa m'thumba ziganizo zosaposa khumi ndi ziwiri, ndipo mupemphe mphunzitsi azione musanaziloweze. Payenera kukhala moni, Buenos días kapena Buenas tardes, ¿cómo está usted?; kudzidziwitsa, Me llamo, kenaka dzina lanu, ndi Estoy aprendiendo español, kutanthauza kuti ndikuphunzira Chisipanishi; ndi zodzipulumutsira, Más despacio, por favor popempha kuti alankhule pang'onopang'ono, ¿Puede repetir? popempha kuti abwereze, ndi ¿Cómo se dice? pofunsa dzina la chinthu mukuchiloza. Chiganizo chofunika kuposa zonse ndi Un momento, voy a buscar a alguien, ndiko kuti dikirani pang'ono ndikaitane wina, chifukwa chimakupatsani njira yaulemu yotulukira pamene nkhani yakukulirani. Onjezani mawu a ntchito yanuyo. Kogawa chakudya ndi arroz, frijoles, leche, huevos, aceite, pollo, ndiko kuti mpunga, nyemba, mkaka, mazira, mafuta ophikira ndi nkhuku, pamodzi ndi funso lakuti ¿Cuántas personas hay en su casa? pofuna kudziwa kuchuluka kwa anthu pakhomo.

Manambala muwaphunzire msanga kuposa mmene silabasi ikunenera, mpaka muzitha kulemba nambala ya foni wina akamaitchula. Dziwaninso kuti anthu ambiri olankhula Chisipanishi ali ndi mayina a makolo awiri, loyamba la bambo ndi lachiwiri la mayi, ndipo onse awiri ayenera kulembedwa pa fomu monga mmene alili pa chiphaso. Potchula deti amayamba ndi tsiku kenaka mwezi monga timachitira kwathu, pamene mafomu a ku United States amayamba ndi mwezi, ndipo tsiku lobadwa la mwana likalembedwa mozondoka limadzavutitsa banja kusukulu kapena kuchipatala.

Tsiku loyamba

Fikani msanga, mudzidziwitse kwa woyang'anira, ndipo mugwire ntchito imene mwapatsidwa ngakhale itakhala yonyamula makatoni. Pa nkhani ya ulemu muli ndi mwayi wina umene anzanu alibe, chifukwa tú ndi usted ndi iwe ndi inu. Munthu wamkulu aliyense ndi usted mpaka iye mwini atakuuzani kuti musinthe, ndipo mumutchule señora kapena señor, kapena doña ndi don patsogolo pa dzina lake loyamba ngati mwamva ena akutero. Podutsa pakati pa anthu nenani con permiso, monga timanenera zikomo, ndipo musayambe nkhani musanapereke moni.

Ine tsiku langa loyamba linali Lachitatu, m'chipinda chapansi cha tchalitchi china kumene tinkagawa chakudya. Ndinafunsa mayi wina wachikulire funso langa lija la kuchuluka kwa anthu pakhomo, koma ndinalinena mothamanga ndi mantha, ndipo iwo anapendeketsa mutu n'kunena kuti, ¿Mande? Khutu langa la Chichewa linamva Mande, tsiku loyamba la sabata, ndipo ndinawayankha motsimikiza kuti ayi, lero ndi miércoles. Anaseka mpaka anagwira tebulo, kenaka mdzukulu wawo anandifotokozera kuti anthu a ku Mexico amanena mande posonyeza mwaulemu kuti sanamve, ngati mmene ife timavomerera kuti wawa. Mawu amenewa sanali m'buku lathu, ndipo mayiwo ankandilonjera nawo sabata iliyonse mpaka semesita inatha.

Mudzakumana ndi zambiri zotere. Vosotros, inu wonenera anthu angapo, amene ali m'matebulo a m'buku ndi wa ku Spain, ndipo anthu a ku Latin America amanena ustedes. A ku Guatemala, Honduras, El Salvador ndi Nicaragua amagwiritsanso ntchito vos m'malo mwa tú. Basi ndi camión ku Mexico koma guagua ku Cuba ndi ku Puerto Rico, ndipo nyemba zimene ena amati frijoles ena amati habichuelas. Musakonze munthu potengera buku. Dziwaninso kuti ena ochokera ku Guatemala ndi kumwera kwa Mexico chinenero chawo chobadwa nacho ndi K'iche', Mam kapena Mixteco, ndipo Chisipanishi anachita kuphunzira monga Mtumbuka wa ku Rumphi amaphunzirira Chichewa. Munthu wotere akamayankha mwachidule sindiye kuti akukunyozani.

Mukasowa nkhani, yambani ya chakudya. Chimanga chinachokera ku Mexico, ndipo mukawauza kuti kwanu chimadyedwa tsiku lililonse nkhani siitha msanga. Ufa wawo wa tortilla ndi tamales, zakudya zawo za chimanga, umachokera ku chimanga chophikidwa kaye m'madzi a laimu, n'chifukwa chake fungo lake ndi lina ndipo nsima yake siikoma, ngakhale phala lawo lakumwa lotchedwa atole lingakukumbutseni kumudzi.

Zimene simuyenera kuchita

Anthu akadzaona kuti mumatha mawu angapo, wina adzakupemphani kuti mumumasulire kalata ya kuchipatala, ya kukhoti kapena ya ofesi yoona za olowa m'dziko, mwinanso kuti mumuperekeze kwa dokotala. Kanani mwaulemu ndipo mumutengere kwa woyang'anira. Mu 1980 ku Florida mnyamata wa zaka 18 anafika kuchipatala ali chikomokere, ndipo achibale ake ananena kuti anali intoxicado, mawu amene kwa iwo ankatanthauza kudwala chifukwa cha chinthu chimene wadya kapena kumwa. Mawuwo anamveka ngati a Chingerezi otanthauza kuledzera kapena kumwa mankhwala osokoneza bongo, ndipo pamene madokotala anazindikira kuti magazi ankakha mu ubongo, nthawi inali itatha moti mnyamatayo anafa ziwalo za manja ndi miyendo. Zipatala zolandira ndalama za boma zili ndi udindo wopezera wodwala womasulira, potsatira gawo la Title VI la lamulo la Civil Rights Act la mu 1964, choncho thandizo lenileni limene mungapereke ndi kumuuza munthuyo kuti ali ndi ufulu wopempha intérprete.

Musafunse munthu aliyense ngati ali ndi mapepala okhalira m'dzikolo, ndipo wina akakuuzani yekha, nkhaniyo ithere m'makutu mwanu. Musapereke uphungu wa zamalamulo ngakhale mutadutsamo nokha m'zofuna viza. Dziwani kuti notario m'mayiko ambiri a ku Latin America ndi katswiri wa zamalamulo, pamene notary public wa ku United States amangochitira umboni siginecha, ndipo anthu ambiri aberedwa ndalama chifukwa cha kusiyana kumeneku. Bungwe limene mukutumikira limadziwa maloya oyenera. Musajambule anthu zithunzi n'kuziika pa Facebook kapena Instagram. Ife amene tinakula tikuona alendo akubwera m'midzi ndi makamera, kujambula ana a eni popanda kupempha n'kuchoka osadzabweranso, sitifunika kuuzidwa kawiri mmene zimenezi zimamvekera kwa wojambulidwayo. Pali chinthu chimodzi chokha chimene simuyenera kusunga chinsinsi: mukaona zizindikiro zakuti mwana akuzunzidwa, dziwitsani woyang'anira tsiku lomwelo ndipo mutsatire lamulo la chigawo chanu, pakuti m'zigawo zina, monga Indiana, munthu aliyense amakakamizidwa kukanena yekha kwa aboma.

Kubweza za kumalo otumikira m'kalasi

Mukangochoka, muli m'basi kapena musanagone, lembani kwa mphindi khumi ndi zisanu zinthu zitatu: mawu atsopano amene mwamva, monga mmene khutu lawamvera ngakhale simukudziwa kalembedwe kake, zimene munafuna kunena koma munalephera, ndi chimene chakudabwitsani. Mndandanda wachiwiriwo ndi wamtengo wapatali, chifukwa ndiwo silabasi yanu yeniyeni. Pitani nawo kwa mphunzitsi pa maola ake a ku ofesi, mukonze ziganizozo pamodzi, muziloweze, ndipo mukazinene kwa munthu yemwe uja sabata yotsatira. Mawu okayikitsa muwafufuze mu dikishonale ya pa intaneti ya WordReference kapena ya Real Academia Española, bungwe la ku Madrid lomwe linakhazikitsidwa mu 1713, koma ntchito yopatsidwa malikisi musaimasulire pa makina, chifukwa mphunzitsi amazindikira msanga woyamba akalemba nthawi za aneni zimene sanaphunzire, ndipo mayunivesite amaona zimenezi ngati kubera.

Makalasi amenewa amafunanso nkhani zolemba zofotokoza zimene mwaphunzira, poyamba m'Chingerezi ndipo kenaka ndime zazifupi m'Chisipanishi. Sinthani mayina a anthu ndi chilichonse chowazindikiritsa. Pewani nkhani yotopetsa ya mmene munathandizira ovutika n'kumva bwino mumtima, imene mphunzitsi waiwerenga kambirimbiri. Fotokozani chochitika chimodzi mwatsatanetsatane, amene ananena chiyani, inu munamva chiyani, munalakwitsa pati, ndipo mukugwirizanitsa bwanji ndi zimene munaphunzira m'kalasi sabata imeneyo.

Pakati pa semesita

Cha m'sabata yachisanu ndi chiwiri ambiri amagwa ulesi, poona kuti m'kalasi akukhoza koma anthu akamacheza okhaokha sakutolapo kanthu. Zimenezi n'zoyembekezeka. Foreign Service Institute, sukulu yophunzitsa akazembe a United States, inawerengerapo maola a m'kalasi 600 mpaka 750 kuti wolankhula Chingerezi afike pogwira ntchito m'Chisipanishi, pamene semesita ya masabata 15 ya maola anayi pa sabata ndi maola 60 okha. Cholinga chanu cha pano ndi kupereka moni, kufunsa ndi kuyankha mafunso afupiafupi, ndi kumva munthu akamalankhula nanu modekha. Mphindi makumi atatu tsiku lililonse zimaposa maola anayi a Lamlungu usiku. Mverani nkhani za pa mawayilesi a kanema a Chisipanishi a Univision kapena Telemundo pamene mukuphika, gulani zinthu m'sitolo ya anthu a ku Mexico n'kufunsa mitengo m'Chisipanishi, ndipo ngati mumapemphera, pitani kamodzi ku mapemphero a Chisipanishi, kumene dongosolo lake mukulidziwa kale ndipo khutu limangotola mawu. Mukaitanidwa ku chikondwerero cha Día de Muertos, chokumbukira akufa, pa 1 ndi 2 November, kapena cha Virgen de Guadalupe, cholemekeza Maria Namwali, pa 12 December, musakane.

Mayeso a maphunziro ena akapanikiza, musangosowa osalawira. Tumizani uthenga kwa woyang'anira pasadakhale, chifukwa iye anakuwerengerani pogawa ntchito ya tsikulo, ndipo mwana amene mumawerenga naye amakhala akuyang'ana pakhomo.

Potsiriza semesita

Kutatsala masabata awiri, auzeni anthu amene mwakhala mukugwira nawo ntchito kuti nthawi yanu ikutha, makamaka ana, kuti asadzangoona mpando wopanda munthu. Onetsetsani kuti woyang'anira wasainira maola anu onse lisanafike tsiku lomaliza lopereka fomu, ndipo mumulembere kalata yaifupi yothokoza m'Chisipanishi, ngakhale ya mizere isanu. Mulemberenso wodzalowa m'malo mwanu tsamba limodzi la mawu amene amafunika pamalopo ndi pamene munalekezera ndi wophunzira aliyense. Ngati nthawi ikulolani kupitiriza popanda malikisi, nenani tsiku limene mudzabwerenso ndipo mulisunge. Ngati siikulola, musalonjeze.

Lembetsani kalasi yachiwiri semesita yotsatira yomweyo osadumphitsa chaka, chifukwa m'makalasi ambiri kumeneko ndi kumene mumazama pa nthawi ziwiri zakale, pretérito ndi imperfecto, zomwe zimafanana kwambiri ndi kusiyana kwa ndinapita ndi ndinkapita, ndipo ndi zimene zidzakulolani kumva anthu aja akamasimba za kwawo. Amene akufuna satifiketi yodziwika kunja kwa yunivesite angalembe mayeso a DELE, amene amayendetsedwa ndi Instituto Cervantes m'malo mwa unduna wa zamaphunziro wa ku Spain ndipo ali ndi magawo kuyambira A1 mpaka C2. Pa tsiku lotsanzika, mawu oyenera kwa munthu wamkulu ndi Gracias por su paciencia, kuthokoza chifukwa cha kuleza mtima kwawo, ndi Que le vaya bien, amene ndi muyende bwino wawo.